Khutu la Amalume ndi Digiri ya Mechatronics

Amalume anga ali ndi chigayo pa trading ina m'boma la Dedza, ndipo kuyambira ndili Standade 6 tchuthi chilichonse ndinkathera kumeneko. Ntchito yanga inali kuyeza chimanga cha anthu m'tini ndi kulandira ndalama. Chigayocho n'cha mota ya magetsi, ya malamba atatu, ndipo chikalira sumva ngakhale munthu akukuwa pafupi ndi khutu lako. Koma amalume ankamva. Dzanja lawo lamanja silinkachoka pa kachitseko kachitsulo kamene chimanga chimadutsira polowa ku nyundo. Phokoso likayamba kulemera, ngati munthu wobuula ndi katundu pamutu, ankakankha kachitsekoko pang'ono. Likapepuka n'kuyamba kumveka ngati chitini chopanda kanthu, ankatsegulako. Sankayang'ana n'komwe. Ankatha kumacheza ndi mayi wina za mtengo wa feteleza, akulankhulana ndi maso ndi milomo, dzanja lija likugwira ntchito palokha. Dzanja lamanzere ndi lomwe ankalisunga kutali ndi makina, chifukwa chala chake chamkombaphala chinatsala theka kuyambira tsiku lomwe lamba anachikoka ali mnyamata.

Tsiku lina anandisiyira kachitseko kuti akamwe madzi. Mzere unali wautali, azimayi atakhala pa matumba mpaka panja, ndiye ndinaganiza zofulumizitsa. Ndinatsegula kwambiri. Sipanathe mphindi, chigayo chinayamba kubangula, malamba anaterereka n'kununkha mphira wopsa, ndipo amalume anafika akuthamanga n'kuthimitsa. Tinamasula mabawuti, tinatulutsa chimanga ndi manja, ufa uli mbuu m'maso. Sanandikalipire. Atamaliza kumanga anangoti, "Mphwanga, chigayo chimakuuza chisanatsamwe. Iwe umadikira kuti chitsamwe kaye."

Patapita zaka khumi ndinali m'kalasi pa yunivesite ina ku South Africa, chaka chachitatu cha digiri ya mechatronics, phunziro la control systems. Aphunzitsi anajambula pa bolodi kabwalo kakang'ono, kenako bokosi, kenako bokosi lina, ndi muvi wochokera kumapeto kubwerera ku kabwalo kaja. Anati: apa ndi chimene ukufuna, apa ndi chimene chikuchitikadi, kusiyana kwa ziwirizi ndiye cholakwika, ndipo phunziro lonseli ndi la kusankha chochita nacho cholakwikacho. Anzanga ankakopera. Ine cholembera chinaima m'manja. Muvi wobwererawo unali khutu la amalume, bokosi loyamba linali mutu wawo, lachiwiri linali dzanja lili pa kachitseko pamodzi ndi chigayo chonse. Chinthu chimene ndinawolokera malire awiri kudzaphunzira ndinali nditachionera kale kwa zaka zambiri, ndili ndi tini m'manja.

Kwathu mpaka lero ambiri amati ndinaphunzira umakaniko, ndipo agogo amauza anzawo kuti ndimakonza galimoto. Sindilimbana nawo, chifukwa mawu akuti mechatronics ndi achilendo ngakhale kwa eni ake Chingerezi. Anabadwira ku Japan mu 1969. Injiniya wina wa kampani ya Yaskawa, dzina lake Tetsuro Mori, ndiye analumikiza chiyambi cha mechanism ndi mathero a electronics, ndipo kampaniyo inawasunga mawuwo ngati chizindikiro chake cha malonda mpaka 1982 pomwe inalola kuti aliyense aziwagwiritsa ntchito. Ine ndikafunsidwa ndimati ndi uinjiniya wa makina amene ali ndi pomvera, poganizira ndi pochitira. Mita ya magetsi yogula mayunitsi imayeza zomwe mukugwiritsa ntchito, imachotsera, mayunitsi akatha imadula yokha. Makina a ATM amawerenga ndalama za pepala ndi timawilo ta mphira, tisensa tikuonetsetsa kuti mapepala awiri sanamatane. Mabuleki a ABS amamva kuti tayala lasiya kuzungulira n'kulimasula kangapo pa sekondi imodzi. Paliponse pamenepa pali chitsulo choyenda, pali magetsi, pali pulogalamu, ndipo wina ayenera kudziwa zonse zitatu kuti zigwirizane.

Zaka ziwiri zoyambirira sizinkaoneka choncho. Unali mulu chabe wa maphunziro osapatsana moni: masamu a calculus ndi linear algebra, fizikisi, kujambula zitsulo pa kompyuta, statics, kulimba kwa zipangizo, ma circuit, kulemba pulogalamu m'chinenero cha C. Mmawa umakhala ndi anzako a mechanical kuwerengera kuti mtanda wachitsulo upindika bwanji, masana uli ndi a electrical pa malamulo a Kirchhoff, madzulo ukufufuza semicolon yomwe waiwala. Aliyense wa anzathuwo ankaoneka kuti ali ndi kwawo. Ife a mechatronics tinali ngati alendo m'nyumba zitatu. Chaka choyamba ndinavutika kwambiri ndi masamu, osati chifukwa ndinalibe mutu, koma liwiro lake: zomwe ku sekondale tinkathera nazo teremu yonse, kumeneko zinkatha m'masabata awiri. Amene akuganiza zotenga digiri imeneyi chifukwa amakonda kumasula mawailesi adziwe kuti kukondako n'kwabwino, koma masamu ndiwo amakusefa poyamba.

Pomwe ndinamvetsa chifukwa chake digiriyi ilipo panali kumapeto kwa chaka chachiwiri. Tinapatsidwa ntchito yopanga kagalimoto kotsata mzere wakuda pansi. Tinali ndi Arduino Uno, kabolodi koikapo pulogalamu yoyendetsa makina, kochokera ku Ivrea ku Italy, kamene kali ndi chip ya ATmega328P, timamota tiwiri, driver ya L298N yopatsira timamotato magetsi, tisensa ta kuwala ndi batire imodzi yodyetsa zonse. Tikakanyamula m'mwamba, matayala ankazungulira bwinobwino. Tikakaika pansi, kankagwedezeka kamodzi n'kuima, kenako n'kugwedezekanso. Kwa masiku atatu ndinaswa mutu ndi pulogalamu. Ndinailembanso kawiri. Mnzanga wina, mtsikana wa ku Mthatha, ankakhulupirira kuti magiya ndi olimba, ndiye anawamasula n'kuwapaka girisi. Wachitatu anasintha driver. Palibe chinasintha.

Tsiku lachinayi bambo wina wachikulire wosamalira labu, amene ankationa tikuvutika osalankhula kanthu, anabwera akukankha oscilloscope, makina oonetsa mphamvu ya magetsi ngati mzere pa sikirini. Anagwiritsa kansonga pa waya wa ma volt 5, anati, "Kaikeni pansi." Mzere wobiriwira, womwe unali wowongoka, unagwa ngati dzenje kwa kanthawi kochepa kwambiri kosaoneka ndi maso, n'kubwereranso. Anafotokoza mosathamanga. Mota ikamayamba kuyenda ili ndi katundu imakoka mphamvu yochuluka kuposa ikakhala pa liwiro, batire yaing'onoyo imafooka, magetsi a chip amatsika mpaka kupitirira pafupifupi ma volt 2.7, ndipo chip imadzithimitsa n'kuyambiranso pulogalamu pachiyambi. Ikayambiranso imalamula mota kuti iyende, motayo n'kukokanso. M'mwamba vutoli silinkaoneka chifukwa matayala analibe cholimbana nacho. Tinapatsa mota batire yakeyake, tinalumikiza mawaya a ground kuti akhale amodzi, tinaika capacitor, ndipo kagalimotoko kanayenda mpaka kumapeto kwa mzere.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Pulogalamu inalibe vuto. Magiya analibe vuto. Circuit nayo, ukaiona papepala, inali yolondola. Vuto linali pamalire, pomwe kulemera kwa kagalimoto kunasanduka kukoka kwa magetsi, kukoka kwa magetsi n'kusanduka kuiwala kwa chip. Tonse atatu aliyense ankafufuza m'munda mwake. Pali anthu, ngakhale mainjiniya akuluakulu, amene amanyoza mechatronics kuti imakuphunzitsa zonse mwapamwamba chabe. Pali choonadi pang'ono: sindingapikisane ndi wa mechanical pa thermodynamics, kapena wa electrical pa zonyamula magetsi a mtunda wautali. Koma makina ambiri amafera pamalire pomwepo, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti pamafunika munthu amene malirewo ndi kwawo.

Ndibwerere ku control systems, chifukwa ndi phunziro limene linandigwira mtima kuposa onse. Nditawerenga mbiri yake ndinapeza kuti nkhaniyi inayambira pa zigayo ndithu. Kachipangizo ka mipira iwiri yozungulira kamene James Watt anaika pa injini ya nthunzi mu 1788, kotchedwa governor, kanali kakugwira kale ntchito m'zigayo zoyendera mphepo ku England, komwe kankasintha mpata wa pakati pa miyala yoperera mphepo ikakula kapena kuchepa. Masamu ofotokoza chifukwa chake ma governor ena amakhazikika pomwe ena amangokwera ndi kutsika osapuma anadzalembedwa ndi James Clerk Maxwell mu 1868. Ndipo mu 1922 Nicolas Minorsky, pofuna kupanga chiwongolero choyendetsa chokha sitima zapamadzi, anayamba ndi kuonetsetsa mmene anthu odziwa kuwongolera sitima amachitira. Anapeza kuti munthu waluso sayang'ana kokha kuti sitima yapatuka motani panopa. Amakumbukiranso kuti yakhala ikupatukira mbali yomweyo kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso amaona kuti ikupatuka mofulumira motani. Zitatu zimenezi ndi zomwe lero timazitcha PID, ndipo zimayendetsa makina osawerengeka m'mafakitale padziko lonse.

Chachitatucho ndi chimene amalume ankandiuza. Ine ndinkadikira kuti cholakwika chikule. Iwo ankamva kumene phokoso likulowera n'kuchitapo kanthu lisanafike.

Choncho itafika nthawi yosankha pulojekiti ya chaka chachinayi, sindinavutike. Anzanga anasankha mikono ya maloboti ndi ma drone. Ine ndinapita kwa aphunzitsi n'kupempha kuti ndipange chothirira chimanga m'chigayo chimene chizidziwa chokha potsegula ndi potseka. Anandifunsa kuti ndiyeza chiyani, poti makina alibe khutu. Yankho linali mu phunziro la electrical machines: mota ya mtundu wa induction ikalemedwa, liwiro lake limatsika pang'ono chabe, koma ma ampere omwe ikukoka amakwera moonekeratu. Ndiye ndinamanga current transformer, kachipangizo koyeza ma ampere, pa waya mmodzi mwa atatu opita ku mota ya kachigayo kakang'ono ka mu labu, n'kuika stepper motor yokankha kachitseko. Stepper imeneyi imayenda masitepe 200 pa kuzungulira kumodzi, madigiri 1.8 pa sitepe iliyonse, kotero ndinkatha kutsegula mpata wochepa kuposa njere imodzi. Papepala zinali zosavuta: sunga ma ampere pafupi ndi malire olembedwa pa mota, osapitirira.

Tsiku loyamba kuyesa, kachitseko kanatseguka, chimanga chinakhuthukira mkati, ma ampere anakwera mopitirira, kachitseko kanatseka kotheratu, chigayo chinalira chopanda kanthu, kachitseko kanatsegukanso kwambiri. Kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, phokoso likukwera ndi kutsika ngati ambulansi. Chifukwa chake chinali kuchedwa. Kuchokera pomwe kachitseko kasuntha kufika pomwe mota imva kulemera pamadutsa kanthawi, chifukwa chimanga chiyenera kutsetsereka kaye, ndipo chomwe chalowa kale sichingabwerere. Controller, pulogalamu yolamula kachitseko, inkayankha nkhani yakale. Njira ya Ziegler ndi Nichols ya mu 1942 yosankhira manambala a PID, imene aliyense amaphunzira, inandipatsa manambala oyambira, koma anali aukali kwambiri kwa chigayo. Ndinakhala masabata atatu ndikuchepetsa pang'onopang'ono, ndikulemba chilichonse m'kope, mpaka mzere wa pa kompyuta unasiya kuvina.

Kenako kunabwera vuto limene munthu aliyense wa pachigayo akanaliona kale. Chimanga cha kasitomala mmodzi chikatha, pamadutsa kanthawi wina asanathire chake. Nthawi imeneyo mota imapepuka, ndipo gawo la controller limene limakumbukira cholakwika linkangounjika, likukankhira kachitseko kuti katseguke mpaka kumapeto. Wina akathira ndowa yodzadza, yonse inkagwera mkati nthawi imodzi. Ndinatsamwitsa kachigayo ka mu labu chimodzimodzi mmene ndinatsamwitsira cha ku Dedza ndili mwana. M'mabuku vutoli amalitcha integral windup, ndipo mankhwala ake alipo. Amalume sadziwa dzinalo, koma akaona kuti chimanga chikutha amabweza kachitseko asanauze wotsatira kuti athire. Ndinalemba mizere ingapo youza makinawo kuti akaona kachitseko katseguka koma mota sikulemedwa, aganize kuti chimanga chatha, abwerere pa mpata waung'ono n'kudikira.

Chovuta kwambiri chinali mphale. Ku South Africa chimanga chokonola amagulitsa m'mashopu, amachitcha samp, ndiye ndinagula, ndinaviika mu ndowa masiku atatu mmene amachitira amayi akafuna ufa woyera, n'kuyanika pang'ono. Mphale yonyowa imagayika mosiyana ndi mgaiwa. Ndi yofewa, koma ufa wake umamata pa sefa n'kutseka tiziboo, kotero ma ampere amakwera pang'onopang'ono ngakhale suwonjezera chothira. Controller yanga inkangotseka kachitseko mowonjezereka, osadziwa kuti vuto lili pa sefa. Amalume amadziwa poona kuti ufa ukutuluka wochepa ndiponso pogwira thumba kuti latentha. Ine ndinali ndi sensa imodzi. Chomwe ndinakwanitsa n'choti makinawo aziyatsa getsi lochenjeza akaona kuti akhala akutseka kwa nthawi yaitali koma katundu sakutsika. Mu lipoti langa ndinalemba poyera kuti gawo limeneli munthu akulipambanabe.

Pa chinthu chimodzi aphunzitsi anga sanalole kukambirana. Ndinali nditalumikiza batani lofiira lothimitsira mwadzidzidzi ku Arduino, kuti pulogalamu ndiyo izithimitsa mota. Anandiuza kuti ndimasule tsiku lomwelo. Batani limenelo liyenera kudula lokha magetsi opita ku contactor, switch yaikulu yoyatsira mota, popanda kudutsa mu pulogalamu iliyonse, ndipo liyenera kulumikizidwa mwa njira yoti waya wake akaduka, makina aime. Ndinakumbukira mzere wobiriwira uja ukugwa, chip ikuiwala zonse. Ndinakumbukiranso chala cha amalume. Nzeru yomweyo ndinadzaionanso kufakitale komwe ndinakaphunzira ntchito pa tchuthi: masensa ambiri kumeneko amatumiza uthenga pakati pa ma milliampere 4 ndi 20, osayambira pa ziro, kuti PLC, kompyuta yoyendetsa makina a m'fakitale, ikaona ziro idziwe kuti waya waduka, isaganize kuti thanki yangokhala yopanda madzi.

Anthu amandifunsa ngati ntchito yotere ilipo kwathu, ngati kuti mechatronics ndi ya mafakitale a galimoto okha. Ine ndimaganiza za shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, mapampu amene amakankha madzi kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire kukwera phiri mpaka ku Blantyre, ndi makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, omwe governor yake imatsegula ndi kutseka madzi kuti magetsi asachoke pa 50 Hz. Konseku kuli masensa, ma PLC ndi mamota, ndipo konseku zinthu zimawonongeka pamalire. Koma ndimaganizanso za zing'onozing'ono: pampu ya sola imene imapsa chifukwa inapitiriza kuyenda chitsime chitauma, chofungatira mazira chimene kutentha kwake kumasinthasintha usiku, ndi zigayo zambirimbiri zomwe mota yake ikapsa, mwini wake amatseka miyezi iwiri akusaka ndalama yokulungitsira waya wina.

Disembala wa chaka chomwe ndinamaliza ndinapita ku Dedza. Mmawa, anthu asanayambe kufika, ndinakhala ndi amalume pa benchi ya panja pa chigayo n'kuwaonetsa kanema wa pulojekiti yanga pa foni. Anaonera kamodzi. Kenako anati, "Bwezanso, koma undipatse kuno." Anaika foni pa khutu, anatsinzina. Ndinkaona zala zawo zakumanja zikusuntha pang'ono pa bondo. Itafika pakati anatukula chala.

"Apa mwachedwa kutseka."

Ndinatulutsa laputopu n'kutsegula graph ya tsiku lomwelo. Pa sekondi yomwe analoza panali kaphiri kakang'ono, pomwe ma ampere anapitirira malire asanabwerere. Ndinali nditakaona kale, ndipo ndinakasiya poganiza kuti n'kochepa.

"N'zoona, amalume. Pamenepo ndi pomwe ndinathira ndowa yachiwiri."

"Ndamva." Anandibwezera foni. "Nanga fumbi? Ka waya kakoko kakhala masiku angati muno?"

Ndinawauza kuti pafunika bokosi lotsekeka bwino, ndiponso kuti Arduino ndi yophunzirira, ya pachigayo chenicheni iyenera kukhala yolimba kuposa pamenepo. Anafunsa mtengo wa zonse pamodzi, ndinawauza, anauyerekeza ndi ndalama zomwe analipira pomwe mota inapsa zaka zingapo zapitazo, anakhala chete akuwerengera m'mutu. Kenako anati tiyesa ikatha nyengo yokolola, koma kachitseko kakale ndisakachotse, kakhale pomwepo kuti dzanja lizifikapo.

Mayi woyamba anali atafika kale ndi lichero ndi thumba la mphale. Amalume anaimirira, anakagwetsa switch, mota inayamba ndi kubuula kwake isanafike pa liwiro, malamba anagwira. Anandiyang'ana n'kuloza kachitseko ndi mlomo. Ndinavula wotchi, ndinaika dzanja pachitsulo chozizira chija, n'kutsegula mpata wa zala ziwiri.